Nthenda za M'sitima za Pamadzi: Yankho kwa Bambo wa ku Banket

 Ndilankhula makamaka kwa inu a m'mapulazi a fodya ndi chimanga a ku Mashonaland, a ku Karoi, ku Trelawney, ku Mvurwi ndi ku Bindura, kumene chinenero chathu chimvekabe m'makomboni, ngakhale ambiri a inu munabadwira komweko ndipo dziko la makolo anu munangolimva m'nkhani za pamoto.

Nkhani ya lero yachokera m'kalata ya bambo wina wa pa pulazi la kufupi ndi Banket. Atate ake anachoka ku Nkhotakota akali mnyamata, nayenda pansi kudzera ku Tete, nagwira ntchito ya fodya kufikira tsiku la imfa yawo, osaonanso kwawo. Tsono mwana wawoyu, amene lero ali ndi imvi, wakhala akusunga ndalama zaka zitatu. Afuna kuti fodya akatha kugulitsidwa atenge tchuthi, anyamuke ndi akazi ake ndi adzukulu awiri pa basi ya ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, akafike ku Monkey Bay, akakwere sitima ya Ilala, kuti akaone mudzi wa atate ake ali pamadzi monga momwe iwo ankamuuzira, napitirire mpaka ku chilumba cha Likoma. Koma amayi a kunyumba akana. Anamva za sitima ina yaikulu ya ku Japan imene anthu anatsekeredwamo alikudwala, ndipo akuti sangalole kuti adzukulu awo akatole nthenda pamadzi. Chotero bamboyu afunsa ngati n'zoona kuti m'sitima za pamadzi muli nthenda, ndiponso ngati n'kwabwino kupita kapena kungogula mbuzi ndi ndalamazo.

Mwachita bwino kufunsa, bambo, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo ndiyambe ndi kunena kuti amayi aja sanalakwe. Mantha awo ali ndi mizu yake, ndipo mizuyo inayamba kale iwo asanabadwe.

M'chaka cha 1918, nkhondo yaikulu yoyamba ili pafupi kutha, sitima ziwiri, Jaroslav ndi Veronej, zinali kubwera kuchokera ku Ulaya zitanyamula anthu akuda a ku South Africa oposa 2,000 amene anakagwira ntchito za nkhondo ku France. Panjira zinaima pa doko la Freetown ku Sierra Leone, ndipo mumzindamo munali mutabuka kale fuluwenza yoopsa, imene inafikamo ndi sitima ina ya Angerezi m'mwezi wa Ogasiti. Sitima ziwirizo zinakocheza ku Cape Town pakati pa mwezi wa Seputembala. Odwala anawatengera kuchipatala. Otsalawo anawasunga pa msasa masiku owerengeka okha, ndipo poona kuti aoneka amoyo, anawakweza sitima za pamtunda kuti yense apite kwawo. Anthuwo anakondwa, pakuti anali atasiyana ndi mabanja awo nthawi yaitali. Sanadziwe chimene ananyamula m'zifuwa mwawo. Pa milungu isanu ndi umodzi yotsatira, monga awerengera odziwa mbiri, anthu pafupifupi 300,000 anamwalira m'dziko la South Africa lokha.

Nthendayo sinaime pamenepo. Inatsata njanje, nifika ku Bulawayo m'mwezi wa Okutobala, niloŵa mu Salisbury, amene lero ndi Harare, nifalikira m'migodi ndi m'mapulazi. Antchito ambiri, poona anzawo alikufa m'makomboni, anathawa usiku kulunjika kwawo, ndipo ndani angawadzudzule? Koma pothawapo anaitenga nthendayo naifikitsa m'midzi imene sikanafikako msanga. Pofika Novembala inali italowa ku Nyasaland. Ena a inu munamva agogo anu akusimba za chaka chimene anthu anasowa wokumba manda. Chaka chake ndi chimenecho, ndipo chiyambi chake kuno kwathu chinali sitima za pamadzi.

Chaka chomwecho kunachitika chinthu china kutali, pa zilumba za Samoa m'nyanja ya Pacific, chimene ndifuna muchimvetse bwino. Pa 7 Novembala sitima yotchedwa Talune inafika pa doko la Apia kuchokera ku Auckland, muli odwala. Akuluakulu a padoko analola anthu kutsika. Pasanathe miyezi iwiri, munthu mmodzi mwa anthu asanu alionse a dzikolo anali atafa. Koma pa zilumba zoyandikana nazo, zimene zinali m'manja mwa Amereka, bwanamkubwa anatseka doko, nakaniza sitima ndi mabwato onse ochokera kwa anansi awo. Kumeneko fuluwenza ija sinaphe munthu ndi mmodzi yemwe. Nyanja inali imodzimodzi, mphepo imodzimodzi, anthu a mtundu umodzi. Chosiyana chinali chakuti kwina anatsitsa odwala, kwina sanatero.

Apa ndi pamene pagona yankho langa. Nthenda yotere siibadwira m'zitsulo za sitima, kapena mu utsi wake.  Nthenda ikwera pa doko ndi miyendo ya munthu, itagula tikiti monga inu, ndipo itsika pa doko lina ndi miyendo ya anthu ambiri.

Sitima ya ku Japan imene amayi anamva ija dzina lake ndi Diamond Princess, ndipo nkhani yake isonyeza zomwezi. Inali sitima yoyendamo anthu olemera pa tchuthi, yokhala ndi zipinda zokongola, madotolo ake ndi zakudya zosasowa. Inanyamuka ku Yokohama pa 20 Januwale 2020. Mkulu wina wa zaka 80 anatsika ku Hong Kong patapita masiku asanu, ndipo pa 1 Febuluwale anapezeka ndi nthenda ya Covid-19. Pamene sitimayo inabwerera ku Yokohama, boma la Japan linaiimika pa doko ndi anthu 3,711 ali m'kati. Anthu oposa 700 anatenga nthendayo, ndipo oposa khumi anamwalira, onsewo okalamba. Ambiri mwa amene anapezeka nayo sanali kumva kuwawa kulikonse pa tsiku lowayeza. Anali kuyenda ndi kudya ndi anzawo monga anthu amoyo.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene siinenedwa kawirikawiri, koma inu a m'makomboni muimva msanga. Alendo olipira anawauza kuti akhale yense m'kachipinda kake. Koma ndani anawaphikira? Ndani anawaperekera chakudya pakhomo katatu pa tsiku? Anali antchito a m'sitima, oposa 1,000, amene anapitiriza ntchito, nagona awiriawiri kapena atatuatatu m'tizipinda ta pansi, nadyera pamodzi. Mwa antchito amene anayamba kudwala, ochuluka anali a ku khichini ndi operekera zakudya. Nthenda idziwa kumene anthu apanikizana, ndipo kawirikawiri kumeneko ndi kumene kugona anthu a malipiro ochepa.

Tsono tione njira zimene nthenda ichokera kwa munthu wina kulowa mwa mnzake m'malo opanikizana. Njira zazikulu ndi ziwiri, mpweya ndi manja.

Za mpweya simusowa mphunzitsi, inu amene mwagwirapo ntchito m'balani ya fodya. Mukatseka chitseko ndi mazenera ake, kutentha ndi fungo zikhala momwemo, mukatsegula, zituluka. Chimodzimodzi munthu wa chimfine, wa chikuku kapena wa chifuwa chachikulu akakhosomola m'chipinda chotseka, tizirombo tosaoneka ndi maso titsala tilikuyandama mumpweya, ndipo onse a m'chipindamo atipuma. Akakhosomolera panja pamene pali mphepo, timwazika. Chifukwa chake pa sitima malo abwino koposa sali pofunda m'kati ayi, koma poyera, pamene mphepo ya panyanja ikuombani kumaso.

Za manja nazonso muzidziwa. Munthu amene watchola fodya m'mawa wonse manja ake ada ndi utomoni, ndipo chilichonse chimene agwira, khasu, chitseko, kapu, malaya a mwana, chitsala ndi banga. Madzi okha sachotsa utomoniwo. Pafunika sopo ndi kutikita. Tizirombo ta nthenda za m'mimba tili chotero, kungoti banga lake silioneka. Munthu wotsegula m'mimba achoka kuchimbudzi osasamba m'manja, nagwira chitsulo cha pa makwerero. Pambuyo pake agwirapo anthu zana limodzi, ndipo ena a iwo akadya nthochi kapena kutsina nsima ndi dzanja lomwelo. Pa sitima zazikulu za m'nyanja zamchere, zonga zimene zinyamuka ku Durban kukazungulira ku gombe la Mozambique, nthenda imene madotolo a m'sitima aiopa kawirikawiri ndi ya kachirombo kotchedwa norovirus, ya kusanza ndi kutsegula m'mimba. Iyamba patapita tsiku limodzi kapena awiri munthu atakameza, nitha pa masiku awiri kapena atatu. Munthu wamphamvu simupha, koma khanda ndi nkhalamba ziwafooketsa msanga. Ndipo dziwani ichi: mankhwala opaka m'manja aja amene tinazolowera m'chaka cha 2020 sakagonjetsa bwino kachirombo kameneka. Sopo ndi madzi ndiye mankhwala ake.

Tibwere tsono ku nyanja yathu. Ilala inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, nibwera zidutswazidutswa, nilumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba kuyenda m'chaka cha 1951. Siili ngati Diamond Princess. Ndi sitima ya anthu wamba, basi ya panyanja. Pamwamba pali tizipinda towerengeka ndi bwalo loyera la olipira zambiri. Pansi ndi pamene pakhala unyinji wa anthu, pamodzi ndi matumba a chimanga, madengu a usipa, nkhuku, malata ndi njinga. Pa madoko ambiri sitimayo siifika kumtunda. Iima pakuya, ndipo anthu atsikira m'maboti ang'ono, kenaka nayenda m'madzi ofika m'mawondo kapena m'chuuno. Ndi ulendo wokoma, ndipo amene anaona dzuwa likutuluka kuseri kwa mapiri a tsidya lija ali pa sitimayo saiwala. Koma ndi ulendo wa usiku ndi usana pakati pa anthu ambiri ogwiritsa zimbudzi zochepa.

Chimene muyenera kuopa koposa pa ulendo wotere si nthenda yachilendo ya kutsidya kwa nyanja zamchere ayi. Ndi kolera, imene maiko athu onse atatu aidziwa. Ku Zimbabwe, kuyambira Ogasiti 2008 kufikira pakati pa 2009, anadwala anthu oposa 98,000 ndipo oposa 4,000 anamwalira. Inu a ku Mashonaland West mukumbukira za ku Chegutu. Ku Malawi inabuka m'mwezi wa Malichi 2022, nipha anthu oposa 1,700 pofika chaka chotsatira, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, anavutika kwambiri. Ku Lusaka, kuchiyambi kwa 2024, odwala anachuluka kotero kuti bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala. Kolera ilowa pakamwa, ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Munthu atsegula m'mimba madzi oyera ngati otsukira mpunga, ndipo angathe kufa tsiku lomwelo, chifukwa chakuti madzi am'thera m'thupi.

Komatu nthenda yolowa pakamwa ndi yotheka kuitsekera pakhomo. Tengani chigubu chanu cha madzi owiritsa, kapena othira mankhwala a klorini amene agulitsidwa m'masitolo, ndipo adzukulu asamwe ena alionse, ngakhale madzi a m'nyanja aoneke oyera ngati galasi. Yense akhale ndi kapu yake. Sopo akhale m'thumba la malaya, osati pansi pa sutikesi. Idyani chakudya chotentha chimene mwachiona chikuchoka pamoto, ndi zipatso zimene musenda nokha. Nsomba yokazinga dzulo, imene yagona pa nyuzipepala ntchentche zikuitera, isiyeni ngakhale inunkhire bwanji.

Pali mwambo wina wathu umene ndiupempha kuti muusiye kunyumba. Ndiwo wa kusamba m'manja m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu kutsirizira mwana. Ndi ulemu wabwino, sindikana; koma taganizani madzi amene afika kwa mwana wotsiriza uja. Thiranani madzi ndi kapu, agwere pansi kapena m'beseni, yense asambe ndi madzi akeake. Ulemu sutha chifukwa cha ichi, pakuti mwana angathebe kugwada ndi kuthirira agogo ake.

Mutengenso timapaketi ta mchere ndi shuga ta kuchipatala, timene ku Malawi atitcha Thanzi. Tikasowa, sungunulani masupuni ang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Wina akayamba kutsegula m'mimba, ayambe kumwa pomwepo, pang'onopang'ono osaleka, ngakhale alikusanza. Madzi amenewa apulumutsa anthu ochuluka. Ndipo ubwino wa nyanja yathu ndi wakuti sitima iima pa madoko kawirikawiri. Ku Nkhotakota kuli zipatala, ku Likoma kuli chipatala cha St Peter's, ku Nkhata Bay kuli chipatala cha boma. Wodwala atsike pa doko loyamba. Asaumirire kuti akafike kumene analembetsa tikiti.

Musasokoneze kusanza kwa nthenda ndi kusanza kwa mafunde. M'miyezi yozizira, kuyambira Juni kufikira Ogasiti, pa nyanja pawomba mphepo ya mwera, ndipo sitima igwedezeka kotero kuti ngakhale amuna amphamvu agwira chitsulo nawerama. Kumeneko si kudwala kopatsirana. Munthu wotere alibe malungo, satsegula m'mimba, ndipo akaponda mtunda achira. Mukhazikeni poyera ayang'ane kutali kumene madzi akomana ndi thambo.

Nthenda zina ziwiri za kunyanja sizichokera kwa mnzanu wa m'sitima, koma ndizitchule mwachidule. Malungo: kunyanja udzudzu uchuluka koposa kwanu kumtunda, choncho tengani masikito, ndipo mufunse ku kiliniki za mankhwala oteteza musananyamuke. Likodzo: tizirombo take tichokera m'nkhono za m'madzi osaya, makamaka pa bango ndi pa udzu, nitiboola khungu. Ana adzafuna kusambira, ndipo simudzatha kuwaletsa masiku onse. Koma apewe madzi odikha a m'mabango, ndipo mukabwerera, mwana akayamba kukodza magazi, mankhwala ake alipo kuchipatala. Muonenso makadi a katemera a adzukuluwo, makamaka katemera wa chikuku, amene mwana ayenera kulandira kawiri.

Tsono ndifike pa mawu ovuta, amene ambiri safuna kuwamva. Kufikira pano talankhula ngati kuti nthenda ili ndi anthu ena, ndipo inu ndinu oti mutetezedwe. Koma asilikali aja a 1918 analinso anthu abwino opita kwawo. Mkulu uja wa ku Hong Kong analinso munthu wa pa tchuthi. Tsiku lonyamuka likafika, mdzukulu wina ali ndi malungo ndi tizilonda pathupi, kapena inu mwini mwakhala mukukhosomola milungu iwiri ndi kutuluka thukuta usiku, mudzatani? Mtima udzati: ndalama zapita kale, abale atidikira, tikachira m'njira. Ndidziwa kulemera kwa ndalama ya zaka zitatu kwa munthu wa pa pulazi. Koma mukakwera chotero, mudzagona pakati pa amayi oyamwitsa ndi nkhalamba, ndipo potsiriza mudzatsikira pa mudzi wa atate anu, kwa anthu amene adzakulandirani ndi manja awiri, nakupatsani mphasa m'nyumba mwawo. Makolo athu, pa nthawi ya nthomba, ankamangira wodwala msasa kunja kwa mudzi, namuikira chakudya patali. Sanali kumuda. Nthomba inatha pa dziko lonse, ndipo anailengeza kuti yatha m'chaka cha 1980, koma nzeru ya msasa ija siinathe ntchito. Wodwala ayambe wapita ku kiliniki, ulendo udikire. Mukadwalira m'sitima, uzani amalinyero msanga, musabise poopa kuti akutsitsani.

Nanga mupite kapena musapite? Ine nditi pitani. Sankhani miyezi ya chilimwe, mvula isanayambe, pakuti kolera ikonda dzinja, ngakhale kuti ya 2022 ija inapitirira ndi m'chilimwe momwe. Sabata lonyamuka mverani wailesi, ndipo mufunse abale a ku Nkhotakota pa foni ngati kuli kolera m'maboma a kunyanja. Ikakhalako, dikirani, nyanja siithawa. Mufunsenso za masiku a sitima ndi madoko amene iima, pakuti zimenezi zisintha, ndipo nthawi zina sitimayo ikhala pa doko ilikukonzedwa. Ndalama zikalola, lipirani malo a pamwamba chifukwa cha amayi ndi ana, ngakhale mugone pa mphasa poyera ndi bulangete. Zikapanda kulola, fikani msanga mupeze malo a m'mbali, pamene mpweya upita.

Kwa inu amayi a ku Banket, amene ndikhulupirira mulikumva: chigubu, sopo ndi makapu zikhale m'manja mwanu, pakuti abambo akaona nyanja ya atate awo adzaiwala zonse. Ndipo mukabwerera ku pulazi, masiku asanu oyamba muyang'anire mimba za onse, ndi mwezi wathunthu muyang'anire malungo. Wina akatentha thupi, apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo muwauze anamwino kuti mwachokera ku nyanja ya Malawi, kuti adziwe chimene afunafuna.

Bambo, mukafika mutilembere, tidzamve ngati Nkhotakota aoneka pamadzi monga atate anu ankanenera.